Mudzi umene atate anabwereka

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi pamene ndinadziwa kuti atate anga alibe reji. Tangoganizani! Munthu ndakulira m'nyumba mwawo, ndimadziwa ngakhale dzino limene linkawavuta nyengo yozizira, koma sindinkadziwa kuti boma la dziko lino la Zambia silikuwadziwa. Reji ndi kachitupa kaja kamene aliyense amatenga akakula, kobiriwira ngati uli nzika, kokhala ndi chithunzi chako, chala chako, mudzi wako ndi mfumu yako. Yanga ndinakatenga ndi amayi, omwe ndi Ansenga a ku Petauke. Iwo ndiwo anandiperekeza, iwo ndiwo anatchula mudzi, ndipo ine sindinafunse chifukwa chimene atate anatsalira pamakina awo osokera tsiku limenelo.

Nkhaniyi inaululika chifukwa cha nyumba. Zinali zaka zija zimene chilichonse chinkagulitsidwa, makampani a boma akutsekedwa, azibambo akubwerera kunyumba masana ndi makalata owachotsa ntchito. Ine ndinkagulitsa salaula pamsika wa Matero, zovala zakunja zovalidwa kale zija. Atate, pokhala telala, ankati ndine mdani wawo woyamba, chikhalirecho iwo omwewo ndiwo ankandidulira mathalauza aatali kuti akwane anthu athu. Kenaka mbiri inamveka kuti nyumba za khonsolo azigulitsa kwa amene akukhalamo, pamtengo woti ngakhale ife tikanafikira. Matero yense anapenga. Chofunika chinali khadi la lendi, ndi reji yobiriwira ya munthu amene dzina lake lili pakhadipo. Wolephera, nyumba inkapita kwa wina, ndipo anthu ena anali atayamba kale kudutsa mumsewu wathu akuyang'ana madenga.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga. Atate anali pakhonde, akupalasa makina.

"Atate, ndipatseni reji yanu ndikaichite fotokope, mawa tikaime pamzere."

Makina sanaime. Amayi, amene ankasankha nyemba pakhomo, anangoti, "Afunse bwino atate ako." Ndinafunsanso. Apo atate analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi. Munali khadi la lendi, chithunzi chawo ali mnyamata wa ndevu zochepa, ndi chitupa cha nthawi ya atsamunda chothetheka m'mbali, cholembedwa ndi boma limene linatha ine ndisanabadwe. Basi. Ndinagwedeza chitinicho, ndikuganiza kuti mwina china chakakamira pansi.

Kuti atate anachokera ku Malawi ndinkadziwa, ndani sankadziwa? Chichewa chawo chinali chonenepa, chosafulumira ngati chathu cha mukomboni yathu ya Matero, ndipo Lachisanu ankavala kofiya yoyera kupita kumzikiti ndi anzawo ochokera konko. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anabwera ndi miyendo ndi malole, kuchokera kumapiri a ku Machinga, nthawi imene malire anali dzina chabe. Anagwira ntchito yosoka kwa Mmwenye wina ku Kamwala, ndipo iyeyo ndiye anawapezera nyumba ya khonsolo. Ufulu utabwera, anzawo anapita kukalembetsa. Iwo ayi.

"Chifukwa chiyani, atate?"

"Ndinkabwerera kwathu chaka chamawa."

Ndinaseka, koma amayi sanaseke. Pansi pa bedi lawo panali sutikesi yachitsulo imene tonse tinkaletsedwa kuikhudza. Munali nsalu zitatu za amayi awo a atate, bulangete, nsapato ndi sopo, mphatso zopita nazo kumudzi. Chaka chilichonse Ramadani ikatha ankaitsegula, kuyanika nsaluzo padzuwa, kuzipindanso, n'kunena kuti chaka chamawa. Kalata yoti agogo anamwalira itafika, patatha miyezi maliro ataikidwa, sanachotsemo kanthu, anangoti tsopano ndi za alongo awo. Mawu amene ankadana nawo kuposa onse anali akuti mtchona, munthu wopita kuntchito osabwereranso. Kwa iwo, kutenga chitupa cha kuno kunali kuvomera kuti ndi mtchona.

Amayi ananena maganizo awo tsiku lomwelo, mosazungulira. Iwo reji yobiriwira anali nayo. Khadi la lendi lisinthidwe, likhale m'dzina lawo, nyumba igulidwe. Eee, kunali ngati aponda mchira wa galu! Atate anaimirira, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ine ndinakana chikamwini ku Petauke, ndiye ndidzachilowe muno mu Matero?"

Kwawo kwa amayi, ndi kwawo kwa atate komwe, mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Amalima munda wa apongozi, amalowa m'nyumba mwaulemu ngati mlendo, ndipo tsiku lililonse akhoza kupeza katundu wake ali panja. Atate anakana zimenezo, anatenga mkazi wawo n'kubwera naye m'nyumba yawoyawo, ndipo alongo a amayi sanawakhululukire. Ndinazindikira pambuyo pake kuti khadi la lendi lija linali pepala lokhalo logwirabe ntchito m'dziko lonse lino lokhala ndi dzina lawo.

Ine ndili ndi matenda ofunsa. Kuyambira ndili mwana ankandinena kuti ndidzafunsa ngakhale wondiika m'manda kuti fosholo anagula kuti. Choncho m'mawa mwake ndinasiyira mnzanga tebulo langa, ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Ndinkafuna kudziwa: munthu amene wakhala m'dziko zaka zoposa makumi atatu, wakwatira, wabereka, wasokera mayunifomu ana a sukulu a komboni yonse, koma alibe pepala, amayambira pati?

Nditaima pamizere iwiri yolakwika, ndinafika kwa mayi wina wapawindo amene anandimvera chisoni. Ndinanama kuti ndikufunsira aneba.

"Bayambe bakhala ba ku Malawi," anatero.

"Ndi a ku Malawi kale."

"Pa pepala, mama. Pa pepala sibali kulikonse."

Anandifotokozera, ine ndikulemba kuseri kwa katoni ka sopo. Choyamba munthuyo apeze umboni wa kwawo, kalata yochokera kumudzi, kuti a dziko lake amupatse pasipoti. Akatero abwere kwa oona za olowa ndi otuluka, anene zoona, aonetse kuti wakhala kuno nthawi yaitali, kuti mkazi ndi ana ndi a kuno, apemphe chilolezo chokhala. Akakhala nacho zaka zokwanira, ndiye apemphe unzika, akuluakulu akhale pansi aone, iye alumbire, n'kusiya unzika wakale uja. Zinandizunguza mutu. Ndiye kuti atate avutike kupeza Umalawi wawo kuti adzautaye? Ndinafunsa kuti zonsezi zimatenga nthawi yaitali bwanji. Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bali na zaka zingati batate banu?"

Ndinachita manyazi, chifukwa za atate sindinatchule. Njira yowongoka inalipodi, koma nyumba sikanaidikira.

Njira ina ndinaimva pamsika, nditangotsegula pakamwa. Anzanga a salaula anandiseka kuti ndine mwana. Umangobwereka mudzi! Umapeza munthu wa reji yobiriwira, akulumbirire kuti ndiwe m'bale wake wobadwira kumudzi kwawo, iwenso ulumbire, ukatenge reji ngati munthu amene anachedwa chabe. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'ana anthu mwachilendo. Mayi wogulitsa makala uja, mudzi wa pareji yake anaupondapo? Nanga bambo wokonza mawotchi amene akakwiya amatukwana m'Chiswahili? Ndinkafunitsitsa kupita tebulo ndi tebulo kupempha kuona zitupa zawo. Ndinadabwa kuti mudzi, chinthu cha manda ndi minda, ungabwerekedwe ngati nkhwangwa.

Wotibwereka sanasowe. Nyumba yoyandikana nafe munkakhala mkulu wina wa ku Katete, Mkhristu wokonda kamowa, amene anali atangochotsedwa ntchito yoyendetsa basi. Iye ndi atate ankasewera nsolo pansi pa mango masana alionse, akunyozana za nkhumba ndi za kusala kudya. Nditamufotokozera, sanaganize kawiri.

"Tengani mudzi wanga, ba telala. Ine napita zaka osapondako, ungokhala chabe."

Atate anavomera, ndipo ine ndinadabwa. Anasankha kubwereka mudzi wa mnzawo kusiyana ndi kupatsa mkazi wawo khadi.

Sukulu inayamba pansi pa mango. Aneba ankaphunzitsa, atate akubwereza: dzina la mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, mtsinje umene amatungako madzi, sukulu ya mishoni, kumene kuli chigayo. Anagwirizana kuti atate adzakhala mwana wa amayi aakulu a aneba, ndipo dzina la mayi wobwerekayo linayenera kutuluka msanga, osaganizira. Atate ankaphunzira mmene anaphunzirira ku madrasa ali mwana, maso otseka, thupi likugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo. Koma nawonso anali ndi mafunso awo. Kumanda kuli mbali iti? Mvula imachokera kuti? Pali mtengo wanji pabwalo? Aneba ankati zimenezo sakafunsa kuofesi, atate n'kumati munthu sungabadwire pamalo osadziwa kumene mvula imachokera. Tsiku lina aneba akufotokoza njira yochokera pamsewu waukulu kukafika pakhomo la amayi awo, anapukuta m'maso ndi chipewa n'kupita kwawo. Sukulu inatsekedwa tsiku limenelo.

Chinandivuta chinali kulumbira. Atate anali munthu woti akalonjeza diresi Lachiwiri, Lachiwiri lomwelo ilipo, ngakhale magetsi azime. Ndinawafunsa ngati adzakwanitse kulumbira zabodza. Anandiyankha modekha, kuoneka kuti anali atazilingalira kale. Aneba anawauza kuti kuofesiko amalumbiritsa pa Baibulo.

"Buku limenelo ndimalilemekeza, koma si langa. Mudzi wa aneba, mayi wa aneba, buku la aneba. Bodzalo likhalanso la aneba."

Ine ndinaseka mpaka misozi. Amayi anangotsonya n'kulowa m'nyumba.

Tsiku litafika tinawakonza. Kofiya inatsala pamsomali. Ndinawaveka jekete yabwino ya pasalaula yanga, aneba n'kuwabwereka tayi. Mutu wawo wopanda kofiya unkaoneka wamaliseche, ndipo m'minibasi ankangougwiragwira. Ine, ndinene zoona, chidwi chinaposa mantha. Ndinkafuna kuona ndi maso anga mmene munthu amabadwiranso pamalo ena.

Ofesi yolumbiritsira inali kachipinda kakang'ono, tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi bambo wachikulire wa imvi, wolankhula mofatsa. Aneba anayamba. Anaika dzanja pa Baibulo n'kulumbira mokweza kuti uyu ndi m'bale wawo, mwana wa amayi aakulu, anakulira limodzi akuweta mbuzi. Za mbuzizo anawonjezera okha, sizinali pasukulu. Mkulu wa muofesiyo analemba, kenaka analozera atate mpando.

Atate anakoka mpando, ndipo pokhala pansi anati, "Bismillah."

Mawu amenewo ankawanena poika ulusi pasingano, pokwera minibasi, pomwa madzi, potsegula chitseko. Ankatuluka okha ngati mpweya. Tinabisa kofiya, tinakonza tayi, tinaloweza mtsinje ndi chigayo, koma palibe mmodzi wa ife amene anakumbukira mawuwo, chifukwa tinali titasiya kalekale kuwamva.

Mkuluyo anadzutsa mutu. "Aa, ndinu Asilamu? Mukananena, bambo. Pepani." Sanakayikire chilichonse, poti ku Katete nakonso Asilamu aliko. Anasuntha Baibulo, anatsegula kabati, anatulutsa buku lokulungidwa m'nsalu yoyera n'kuliika patebulo ndi manja awiri. "Kuno timalemekeza aliyense. Mulumbira pa Kurani yanu."

Mayo ine! Aneba anayamba kuyang'ana kudenga. Ulemu wa bamboyo unatipha.

Atate anayang'ana bukulo nthawi yaitali. Kenaka anati sangaligwire asanasambe. Mkuluyo anati mpopi uli kuseri. Ndinawatsatira. Anavula nsapato ndi masokosi, anapinda manja a jekete, nayamba kusamba mmene amasambira asanapemphere, m'manja, m'kamwa, kumaso, mikono, kumutu, mapazi, chilichonse mwa dongosolo lake, osafulumira. Ine ndinaima pambali nditakwiya.

"Atate, nyumba," ndinanong'ona. "Mungonena kamodzi kokha. Tikagona kuti?"

"Ndamva, mwanangu."

Tinabwerera. Anaika dzanja lamanja pabukupo, madzi akadali m'ndevu. Mkuluyo anatenga cholembera.

"Munabadwira kuti, bambo?"

Atate anatchula mudzi. Sunali wa ku Katete. Anatchula mfumu yake, boma lake, dziko lake. Mkuluyo sanafunsenso kanthu, koma iwo anapitiriza okha, mawu ali phee: dzina la amayi awo, dzina la agogo awo, phiri limene lili kuseri kwa mudzi, mbali imene mvula imachokera. Ine dzina la agogo anga ndinalimva koyamba tsiku limenelo, m'kachipinda kaja. Ndinali wokwiya kwambiri, komabe ndinapezeka ndikulibwereza mumtima kuti ndisaliiwale.

Aneba anatsokomola. Ndinkadikira kuti aitane apolisi, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona kale atate ali m'lole yopita kumalire, sutikesi yawo itatsala pansi pa bedi. Mkuluyo anaika cholembera pansi, anavula magalasi, anatenga pepala limene ankalembapo lija n'kuling'amba pakati, kenaka pakatinso.

"Lero simunabwere kuno," anatero. Anatembenukira kwa aneba. "Inu ndi mbuzi zanu, mukakambirane ndi abusa anu." Kenaka anafunsa atate kuti akazi awo ndi a kuti. Atamva kuti ndi a ku Petauke ndipo reji ali nayo, anapukusa mutu. "Nanga mukuvutikiranji? Kasinthitseni khadi. Ndipo njira yaitali ija muiyambe, bambo. Ndi yaitali, koma ilipo."

M'minibasi aneba anadandaula njira yonse kuti awachimwitsa pachabe, kuti mudzi wawo wakanidwa pamaso pa anthu ngati malaya osakwana. Pofika pa Matero anali akuseka. Ine sindinalankhule ndi atate mpaka mawa lake.

Njira yaitaliyo anaiyambadi. Anapita ku Machinga chaka chotsatira, ulendo woyamba chichokereni, kukatenga kalata. Anapeza alongo awo ali nkhalamba, ndipo ana a m'mudzimo ankawatcha agogo a ku Zambia. Pasipoti inabwera, chilolezo chinabwera, chitini cha mabisiketi chinadzaza mapepala mpaka chivindikiro kukana kutseka. Reji yobiriwira anaigwira m'manja ine ndili ndi ana awiri, iwo maso atayamba kulephera kuona bowo la singano. Anaiyang'ana mbali zonse, nati chithunzicho achita kuwakalambitsa.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi tsiku limene tinapita kukhonsolo, patangopita masiku ochepa chichokereni kolumbira kuja. Tinapita atatu. Atate anavala kofiya yawo. Kalaliki anafunsa ngati akuvomera kuti khadi lichoke m'dzina lawo, iwo anati inde, nasaina pang'onopang'ono. Ndinaona kalalikiyo akudula mzere padzina lawo ndi rula, n'kulemba la amayi pamwamba. Nyumba inapulumuka. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma sindinasangalale.

Pobwerera amayi anatsogola, analowa m'nyumba, khadi lili m'kachikwama ka pachifuwa. Ine ndinaima pampanda kuyankha aneba amene ankafunsa mmene tayendera. Nditatembenuka ndinaona atate ataima pakhomo. Pakhomo lomwelo limene analowapo zaka zonsezo osagogoda, limene anakonza mahinjesi ake ndi manja awo. Anavula nsapato, anaziika pambali bwinobwino, anawerama pang'ono n'kuwomba m'manja mofatsa, mmene mkamwini amachitira kwa eni mudzi.

"Odi, eni nyumba."

Ndinaganiza kuti akuseka, koma nkhope yawo sinali yoseka. Misozi inandilengeza. Amayi anatuluka, anaima pakhomopo, anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kukofiya. Ndinaopa kuti awanyoza, poti pakamwa pa amayi sipankasowa mawu.

"Lowani," anatero. "Koma m'nyumba mwanga simukhala munthu wa paulendo. Sutikesi ija muimasule lero."

Atate analowa. Ndinamva chitsulo chikukwekwereka pasimenti, kenaka loko akutseguka. Anatuluka ndi nsalu zitatu zija, zitachita mizere yoyera m'mopindika monse, anaziyala pamakina pakhonde, anachotsa tepi m'khosi n'kupita kukayeza mawindo.